Nkhope ya amayi idasanduka timabokosi

Ine ndi mayi a kunyumba tidamanga ukwati mu 2008, ndipo wojambula adatipatsa DVD imodzi yokha. M'menemo muli mphindi zinayi zomwe amayi anga, omwe adatisiya mu 2019, akuvina pa perekaniperekani, chitenje atamanga m'chiuno. Mu 2023 mwana wathu wamkazi adati akufuna aziwaona agogo ake pafoni, ndiye ndidapempha mphwanga wodziwa kompyuta kuti andidulire kagawo kameneko.

Mnyamatayo adalowetsa kanemayo mu pulogalamu yokonzera makanema, kudula, n'kudina Export. Adanditumizira pa WhatsApp. Abale inu, titatsegula, nkhope ya amayi idali timabokosi tokhatokha, maluwa a pachitenje atasungunuka ngati phala. Mwana adangoti, "Adadi, amenewa ndi agogo?"

Ndidadzamvetsa pambuyo pake. Kanema wa pa DVD amakhala wopanikizidwa kale m'njira yotchedwa MPEG-2 kuti akwane pa chimbale cha 4.7 GB. Popanikizapo, makina amataya tina ndi tina tomwe diso silingazindikire msanga, ndipo totayikato sitibwereranso. Mukadina Export, pulogalamu imamumasula kanemayo n'kumupanikizanso, kawirikawiri mu H.264, n'kutayanso tina. WhatsApp nayo idapanikiza kachitatu. Zili ngati fotokope ya fotokope ya satifiketi: ikamafika yachitatu, chidindo sichiwerengeka.

Tsono makolo anzanga, ndi inu amene mwangokwatirana kumene, ngati cholinga n'kungodula kapena kuchotsa mbali ina, musalole kanema aphikidwenso. Pali mapulogalamu aulere monga Avidemux ndi LosslessCut. Mu Avidemux, pomwe palembedwa Video Output musiye pa Copy. Kompyuta imangonyamula kagawoko momwe kaliri, ndipo imamaliza m'masekondi ochepa. Mukaona yatha theka la ola fani ikulira, dziwani kuti ikuphikanso.

Njirayi ili ndi kavuto kake. Imadula bwino pokhapo pali chithunzi chathunthu, chomwe amati keyframe, ndiye mwina simungayambire penipeni pomwe mumafuna. Kathu kamayamba ndi MC akutsokomola. Tidamusiya atsokomole.

Koma mukafuna kulemba mayina pakanema kapena kusintha kuwala, kupanikizanso sikungapewedwe. Apo chitani kamodzi kokha, pomaliza, kuchokera ku kanema woyambirira osati wa pafoni. Potumiza pa WhatsApp sankhani Document kuti afike momwe alili, ndipo akakana kutseguka pafoni, VLC imamutsegula. Wojambula ukwati wanu mumuuziretu musanalipire kuti mudzafunanso mafayilo ochokera mu kamera.

Mwayi wake DVD yathu, ngakhale idali ndi timikwingwirima, idawerengeka. Tidadulanso pa Copy Loweruka lina madzulo. Mwana adaimitsa kanema pomwe agogo ake akuseka, n'kuyandikitsa foni kumaso, kenako n'kuthamangira pagalasi. Ati mpata wa pakati pa mano ake adatengera kwa iwo.