Zidole za m'munda ku Mchinji

Pasaka imafika ku Mchinji mvula ikutsazika. Chimanga chimakhala chikuuma, ena atadula kale n'kuimika mikukwe, mtedza ukuyamba kukumbidwa, ana a sukulu ali pa tchuthi. Ine wokulira ku Area 25 mu Lilongwe, chaka chino m'pamene ndinakadyera Pasaka kwa apongozi anga kufupi ndi Kamwendo, pa msewu wa M12 wopita kumalire a Zambia. Zimene ndinaona ana akuchita ndi zotsalira za m'munda zinandigwira mtima mpaka lero sindikutha kusiya kuzikamba.

Phesi la chimanga ine ndinkalidziwa ngati chinyalala. Mwana wa kumeneko amalisenda ndi mano kapena chikhadabo, khungu lolimba lija n'kutuluka timizere tatitali topindika. Mkati mofewa muja amaduladula tizidutswa. Ndiye amabaya kamzere m'kachidutswa, kupinda, kubayanso, ndipo posakhalitsa mwana wavala magalasi a maso, akuyenda monyang'wa ngati a hedimasitala. Wina anapanga njinga ya kabaza, yokhala ndi mpando wa wokwera kumbuyo, monga zimene zadzaza pa boma. Wina lole yonyamula mabelo a fodya. Popanda msomali, guluu kapena tambala imodzi. Ndinakhala pansi n'kupempha kuti andiphunzitse, ndipo mphunzitsi wanga anali kamtsikana ka Sitandade 2 kosaleza mtima ndi zala za munthu wamkulu.

Atsikana ang'onoang'ono anali ndi ana awoawo. Chitsononkho ndiye thupi, makoko ndiye chitenje, ndevu za chimanga ndiye tsitsi, ndipo amaziluka bwinobwino asanabereke mwanayo kumbuyo. Anyamata anatsikira kudambo kukatapa dongo, nabwera kudzaumba ng'ombe za linunda, nyanga zake minga. Zitauma padzuwa anazipaka katondo ndi makala, wina n'kumangira ziwiri goli la kamtengo ndi luzi.

Chimene chinandikoma koposa n'chakuti akuluakulu sanali patali. Agogo awo anakhala pamkeka akuswa mtedza, diso lili pa adzukulu. "Iwe, phesilo limacheka, m'patse mkulu wako akusendere," anatero kwa kamnyamata kena. Kenaka anatembenukira kwa ine: "Bambo, kwanu kutauni ana amaseweretsa chiyani?" Ndinangoseka. Pa Lamulungu la Kanjedza, anthu atabwera kutchalitchi, agogo omwewo anaphunzitsa ana kupinda tsamba la kanjedza kuti likhale mtanda, ndipo masamba otsala anasanduka timphete ndi timadengu.

Kunena zoona, palibe aliyense pakhomopo amene anatchulapo za kusamala chilengedwe. Koma taganizani. Boma la Malawi linaletsa mapulasitiki opyapyala, osafika ma micron 60, m'chaka cha 2015, ndipo khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, komabe majumbo akadali mbwee m'ngalande za misika yathu. Galimoto ya pulasitiki yogula pamsika ikathyoka tayala, ndipo sichedwa kuthyoka, imakagona kudzala zaka zosawerengeka. Ya mapesi ikaphwanyika mbuzi imadya, kapena chiswe chimaibwezera m'nthaka. Ng'ombe ya dongo mvula ikaipeza imabwerera komwe inachokera. Mwana salira nthawi yaitali chifukwa mawa apanga ina, yoposa ya dzulo. Alangizi a zaulimi akamati tisamatenthe mapesi, ana awa anawamvera kale m'njira yawo.

Mpira wachikulunga wokha ndi umene umafuna majumbo, ndipo pamenepo sindidandaula: ana anatolera onse a pabwalo mpaka kuseri kwa khola, pakhomo n'kuyera.

Inu makolo a ana aang'ono, kaya muli ku Mkanda, ku Kapiri kapena m'tauni momwe muli kadimba kuseri kwa nyumba, tchuthi chikubwerachi sungani mapesi angapo, zitsononkho ndi makoko musanasese. Wosakwana zaka 5 musam'patse khungu la phesi, m'patseni dongo ndi chitsononkho. Ndipo musangowatuma ayi, yalani mkeka mukhale nawo pansi.