Ulaliki wa m'Nkhokwe

Pano pa koleji timakangana za Mulungu mpaka tambala woyamba, koma ine Chikhristu ndinachiona kwathu ku Kabwazi, kwa anthu osatha kulemba ngakhale dzina lawo.

Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itakula m'chaka cha 1986, anthu a ku Angonia anakhamukira m'midzi ya ku Dedza, ena atangosenza mphasa, mwana ali kumbuyo. Pofika 1992, chaka chimene anasainirana za mtendere ku Rome, othaŵa nkhondo m'Malaŵi muno anali atakwana 1 miliyoni.

Agogo anga sanafunse mayi amene anafika pakhomo pathu ngati anali wa Nkhoma kapena wa Chiroma. Anamtapira chimanga m'nkhokwe, namdulira ndime m'munda mwawo, akudziŵa bwino lomwe kuti Febuluwale adzatipweteka. Anatipwetekadi, moti masiku ena tinagonera nkhwani wopanda nsima. Patapita miyezi, mayi uja anayamba kutsatira agogo kutchalitchi popanda womuitana.

Tsono inu anzanga a m'magulu a mapemphero, musanagogode pachitseko cha mnzanu Baibulo lili m'manja, yambani mwamfunsa ngati wadya.