Nambala yachiwiri mu modemu ya bambo

Mwezi wathawu anandibera foni mu minibasi. Nditafika kunyumba ndinazindikira kuti nambala imene ndimaidziwa pamtima ndi yanga yokha. Ngakhale ya mayi sindinkaidziwa. Manyazi ake!

Sabata yomweyo tinkasanthula katundu wa malemu bambo. Pansi pa katoni ya mabuku panali kabokosi kotuwa ka timagetsi kutsogolo. Modemu. Kwa inu amene munakulira pa bandulo ngati ine: kale intaneti inkadzera mu waya wa foni ya m'nyumba. Modemu inkaimba nambala, n'kulira ngati mphaka wopondedwa mchira, kenako mwalumikizika, pa liwiro losapitirira 56k. Wina akangonyamula foni, basi, intaneti yaduka.

Ine ndinati tikataye. Msuweni wanga, amene amakonza makompyuta ku Limbe, anati tiyambe taona zimene zili m'katimo. Anailumikiza ku kompyuta yakale ya Windows XP, natsegula HyperTerminal, n'kulemba zilembo ziwiri: AT. Modemu inayankha kuti OK. Patatha zaka zoposa 20 ili m'katoni!

Malamulo oyamba ndi AT amenewa anabwera ndi kampani ya Hayes mu 1981. Msuweniyo anandifotokozera kuti zimene wasintha pa modemu, kaya kuchepetsa phokoso lake lija, zimaiwalika magetsi akangothima. Ndi magetsi athuwa, ndiye kuti tsiku lililonse uziyambiranso. Kuti zikhazikike umalemba AT&W, zikalowe m'kachipangizo kosafuna magetsi kuti kakumbukire. Nambala za foni zili ndi malo ake anayi, kuyambira 0 mpaka 3. Ukalemba AT&Z0= n'kutsatiza nambala, yasungika. Palibe chimene chimalowamo mwangozi. Munthu amachita kukhala pansi n'kulemba yekha.

Analemba AT&V kuti tione zosungidwa. Pa 0 panali nambala yolumikizira intaneti. Pa 2 ndi 3 panalibe kanthu. Pa 1 panali nambala ina yaifupi, ya kalembedwe kakale.

"Mayi, tabwerani muone. Nambala iyi mukuidziwa?"

Ndinangowerenga manambala atatu oyamba, otsalawo anamalizitsa okha asanavale n'komwe magalasi. Inali foni ya aneba a agogo ku Zomba. Ali ndi pakati pa ine, mayi anakakhala kwa agogo miyezi itatu, ndipo bambo ankaimba madzulo alionse. Modemu inkawaimbira, iwo n'kunyamula foni, kudikira mwana wa anebawo athamange kukaitana mayi.

Bambo amene ndinkawadziwa ine anali osalankhulalankhula. Mauthenga awo ochepa amene ndinali nawo anapita ndi foni ija, chifukwa nkhani ya backup ndinkangoti ndipanga mawa.

Tinayesa kuimba nambalayo pa foni ya msuweni. Sinalowe, inafa kalekale. Mayi anatenga modemu ija, naipukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kukaiika m'kabati ya mbale za alendo.