Manja anga sakundimvera

Ndikulembera inu makolo anzanga amene muli ndi mwana wochangamuka mutu, koma wokugonetsani ndi nkhawa.

Timakhala ku Johannesburg. Bambo a kunyumba amawotcherera zitsulo, ine ndimasoka. Mwana wathu woyamba, wamwamuna, anayamba kuwerenga asanakwanitse zaka 4 popanda womuphunzitsa. Ankawerenga zikwangwani za mumsewu ndi zolemba za pa mapaketi a ufa, ndipo mapulaneti onse 8 ankawatchula mwa ndondomeko yake. Anzathu a kumudzi akabwera kudzacheza tinkamuimika pakati kuti aonetse luso. Ndinkanyada, sindikana.

Koma mwana yemweyo sankatha kumanga batani. Pensulo ankaifumbata ndi dzanja lonse, akalemba pang'ono n'kuitaya. Makina ometera akangolira ankakuwa mpaka anthu kusuzumira, ndipo kutchalitchi masipika akayamba ankatseka makutu n'kulowa pansi pa benchi. Zonsezi ndinkaziona, koma ndinkazitcha matama.

Tsiku lina aphunzitsi a kusukulu yake ya mkombaphala anandipatsa kalata yoti mwana akaonedwe ndi katswiri wa occupational therapy, amene kuno amangoti OT, asanalowe Grade R. Mtima unandiwawa. Maganizo anga anathamangira ku Kachere, ku Blantyre, komwe malume anga atadwala sitiroko ankaphunziranso kugwira supuni. Ndinati, mwana wowerenga kuposa a Grade 1 apite kotero kukatani? Amayi anzanga a kumpingo anandiwonjezera mphamvu: “Kuno mwana aliyense amamupezera vuto. Akungofuna ndalama zanu.” Agogo ake pafoni sanazungulire: “Mwamusasatitsa mwanayo. Kuwongola mtengo m'poyamba.” Panali mantha enanso omwe sindinauze munthu. Ndife alendo m'dziko muno, ndipo sindinkafuna kuti dzina la mwana wanga lilembedwe pa pepala lililonse lonena kuti ali ndi chilema. Kalatayo ndinaibisa.

Ndinaganiza zomuwongola ndekha. Madzulo aliwonse tikadya, ndinkamukhazika pa tebulo kuti alembe dzina lake.

Usiku umene sindidzauiwala unali wa mu Juni, kukuzizira, magetsi atazima. Ndinayatsa kandulo n'kumupatsa kope. Chilembo choyamba chinapendama. Anafufuta. Analembanso, chinapendamanso, anafufuta mpaka pepala linabooka. Kenako anangokhala, manja ali pa miyendo. Ndinamuuza kuti alembe, iye duu. Ndinali nditatopa, kasitomala atandibwezera diresi tsiku lomwelo, ndipo mawu a agogo ake ankalira m'makutu mwanga. Mthiko unali pafupi. Ndinamumenya nawo kumbuyo kwa dzanja, osati kamodzi.

Sanakuwe monga ndinkayembekezera. Anatsika pa mpando, analowa pansi pa tebulo, n'kuyamba kudziluma dzanja lomwelo. Nditagwada kuti ndimukoke ndinapeza kuti wadzikodzera. Anandiyang'ana n'kunena chapansipansi kuti, “Amayi, m'mutumu chilembocho ndikuchiona. Koma manja anga sakundimvera. Simungandigulire ena?”

Ndinamusambitsa ndi madzi ofunda ndikulira, iye osalankhulanso kanthu. Usiku wonse ndinakhala pansi pafupi ndi bedi lake, ndikuyang'ana mizere imene ndinamusiya pa dzanja. Pemphero linandikanika. Ndinkangoti, Ambuye, mwana munandipatsayu ndikumuwononga ndi manja anga.

Masiku otsatira anali owawa kuposa usikuwo. M'mawa uliwonse ankati m'mimba mukupweteka. Mabuku ake a mapulaneti anawakankhira pansi pa bedi. Tikakwera minibasi ankangoyang'ana mapazi ake, osawerenganso chikwangwani n'chimodzi chomwe. Ndikamuyandikira nditanyamula chilichonse ankabisa manja kumbuyo.

Bambo ake ndi amene ananena. “Mayi a mwana, ukali tauyesa, watipweteketsa. Tiyeni tikamve za anthuwo. Zikakhala zabodza tikazionera komweko.” Ndinatulutsa kalata ija ndi manyazi. Tisanapite, bambo ake anaonetsetsa kuti mayi wa OT amene tinamupezayo ali m'kaundula wa bungwe la HPCSA, lomwe limalembetsa ogwira ntchito zaumoyo muno mu South Africa.

M'chipinda cha mayiyo munali katungwe, mipira ikuluikulu, dongo ndi mikanda. Mwana wanga ankagubuduzika, ankadumpha, ankayenda pa mzere. Kukayikira konse kunabwerera, poti ndalama ya ulendo umodzi inali yokwanira chakudya cha sabata. Ndinalephera kupirira. Ndinafunsa kuti, kodi tikulipira kuti mwana azisewera?

Mayiyo sanakhumudwe. Anati ntchito ya mwana wa msinkhu umenewu ndi kusewera, kuvala, kudya ndi kujambula, ndipo iye amathandiza pamene ntchitozo zikukanika. Anandionetsa mmene mwana ankagonera pa tebulo polemba, n'kufotokoza kuti zala sizingagwire bwino pensulo ngati msana ndi phewa sizinalimbe. Anati mwa ana a nzeru zotere n'zofala kuti mutu utsogole kwambiri thupi likutsalira, ndipo chimawapweteka n'chakuti amadziwa bwino mmene chilembo chiyenera kuonekera, kotero amaona kulephera kwawo kumene anzawo sakuona. Apo ndinamvetsa pepala lobooka lija.

Za phokoso ndi makina ometera anati njira imene ambiri amagwiritsa ntchito inachokera kwa Jean Ayres, katswiri wa ku America amene anatulutsa buku lake pa nkhaniyi mu 1972, pofotokoza mmene ubongo umasanjira zimene thupi likumva. Kenako ananena chimene sindinkayembekezera kwa munthu wofuna ndalama zanga. Anati mu 2012 bungwe la madokotala a ana ku America, la American Academy of Pediatrics, linachenjeza kuti umboni woti njirayi imathandiza ndi wochepa, ndipo linalangiza kuti makolo aziiyesa kwa nthawi yoikika n'kuona ngati pali kusintha. “Ndiye tilembe zimene tikufuna, Mayi,” anatero. “Azimanga mabatani yekha, azidula pepala ndi sizasi, azigwira pensulo ndi zala zitatu. Ikatha miyezi itatu popanda kusintha, musandipatsenso ndalama.” Akanandilonjeza zodabwitsa sindikanabwereranso.

Anandifunsanso kuti ana kwathu amasewera chiyani. Ndinayamba kutchula: kuumba ng'ombe zadongo, kukwera mitengo ya mango, phada, kupinda galimoto zamawaya, kutonola chimanga, kutunga madzi. Anaseka n'kunena kuti zambiri mwa zimenezo n'zimene iye amayesa kubweretsa m'chipinda chake. Sananene kuti kukhala m'fulati ndiko kunabweretsa vutolo, koma ine ndinaganizira mwana wokulira m'mwamba, amene tinkamuletsa kutuluka poopa misewu, ife n'kumasangalala kuti wakhala phee ndi buku.

Kunyumba tinayamba ndi zomwe tinali nazo. Ankandithandiza kukanda ufa wa mandasi, kupanira zovala pa chingwe, kunyamula kachidebe ka madzi. Chitini changa cha mabatani chinakhala chake, aziwasankha ndi kuwatunga pa ulusi. Pensulo tinaiika kaye padera.

Sizinayende msanga. Panadutsa masabata osaona kanthu, ndipo ndalama zitavuta tinayamba kupita mwa apo ndi apo. Tsiku lina Lamlungu ndikusita, anatuluka m'chipinda atavala malaya ake oyera, mabatani atamanga yekha. Limodzi linali pa bowo lolakwika. Sindinalikonze, anapita nalo choncho kutchalitchi.

Ndinamupepesa chifukwa cha usiku uja, ngakhale kwathu kholo kupepesa mwana n'kwachilendo. Anangogwedeza mutu, koma patapita nthawi mabuku aja anatuluka pansi pa bedi.

Lero ali mu Grade 1. Zolemba zake si zokongola, koma amalemba, ndipo salira. Phokoso likadamuvutabe. Kutchalitchi amavala zotchinga makutu, ndipo timamumeta ndi sizasi. Sindinganene kuti OT inachotsa zonse, kapena kuti kukula kwake sikunathandizepo. Chimene ndikuchitira umboni n'chakuti tinapeza munthu amene anationetsa pamene panali povuta, ndipo m'nyumba mwathu munasiya kukhala mantha. Ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha aphunzitsi aja amene ndinawakwiyira, ndi bambo a kunyumba amene sanandiweruze.

Mwina inunso munakwezapo dzanja usiku wina, ndipo simunauze munthu. Simuli nokha, ndipo mwana wanuyo sanatayike. Ngati akudziwa zambiri koma manja kapena makutu akumuvutitsa, musayambe ndi kumuyesa waulesi monga ndinachitira ine. Pitani naye akamuone, ngakhale ku chipatala cha boma komwe mzere ndi wautali, ndipo mukafike ndi mafunso anu onse, kuphatikizapo la ndalama.