Muwawani wa Agogo

Kuseri kwa nyumba ya agogo anga, m'mudzi wina wa ku Chileka kumene phiri la Michiru limaoneka ngati lili pakhomo, kudali mtengo wa muwawani. Agogo sadaubzale, adachita kuupeza pobadwa. Mitengo ina ya m'thengo idathera ku makala koma umenewu udapulumuka, chifukwa aliyense wobwera ndi nkhwangwa ankayamba wakumana ndi pakamwa pa agogo.

Tonse amene tidakulira pakhomopo tikudziwa kuwawa kwa khungwa la muwawani. Mwana akangodandaula m'mimba kapena kuphwanya m'thupi, agogo ankasenda kakhungwa kotalika ngati chala n'kukaviika m'chikho cha madzi. Wodwalayo ankamwa atatsinzina. Enafe tidaphunzira kubisa matenda poopa chikhocho. Koma agogo adali ndi malamulo awo. Ankasenda mbali ya kum'mawa kapena ya kumadzulo, osazunguliza thunthu lonse, ndipo pabala paja ankamatapo dothi lonyowa. Ndili mwana ndinkayesa kuti zimenezi ndi zizimba chabe. Ndidadzamva kusukulu kuti m'kati mwa khungwa ndimo mumadutsa chakudya chochokera kumasamba kupita kumizu. Ukasenda khungwa mozungulira, mizu imafa ndi njala.

Nditalawa sukulu pang'ono ndidayamba kuchinyoza chikho chija. Adandichititsa manyazi ndi aphunzitsi a mbiri yakale, amene adatiuza kuti kwinini naye ndi khungwa la mtengo. Mtengowo ndi cinchona wa ku South America, ndipo akatswiri awiri a ku France adatulutsamo mankhwalawo m'chaka cha 1820. Bishopu Mackenzie adamwalira ndi malungo m'chaka cha 1862 kufupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire, bwato litagubuduzika ndi kutaya mankhwala ake. Kusiyana kwake n'kwakuti kwinini adayesedwa ndipo mlingo wake umadziwika, pamene chikho cha agogo chinkadalira diso ndi lilime. Komabe agogo sankatamanda mtengo wawo mopyola muyeso. M'chaka cha 1995, pamene khwimbi la anthu linkakhamukira ku Machinga kwa a Billy Chisupe kukamwa mchape umene ankati umachiza Edzi, iwo adakana kukwera nawo lole. Adangoti mtengo wochiza zonse sadauonepo chibadwire.

Tsono kudabwera Covid-19. Mu Januwale 2021 matendawa adakolera ngati moto wa lupsa, mpaka nduna ziwiri zidamwalira tsiku limodzi. Katemera adali asadafike m'dziko muno. Mantha adatigwira tonse, ophunzira ndi osaphunzira omwe. Madzulo alionse mudzi unkanunkhira bulugamu, anthu atafunda mabulangete pamwamba pa miphika yowira. Ndimu, jinja ndi adyo zidakwera mtengo. Pamsika wa Lirangwe ndidapeza mnyamata wina akugulitsa timabotolo ta mafuta ndi ufa wa makungwa, akulengeza kuti zimalimbitsa chitetezo cha m'thupi. Ine amene ndinkaseka chikho cha agogo ndidagula timabotolo tiwiri osafunsa ngakhale dzina la mtengo wake.

Mafuta a bulugamu alipodi. Mukaunika tsamba lake padzuwa mumaona timadontho ting'onoting'ono mmene amakhala, ndipo nthunzi yake imapepuza mphuno zotsekeka. Koma kupepuza mphuno si kupha kachilombo, ndiponso mafutawo ndi poizoni ngati mwana wawamwa.

Sabata yomweyo mwana wa mlongo wanga, wa zaka zinayi, adatentha thupi. Tidagwirizana kuti ndi mliri uja, ndipo kuchipatala tinkaopako poganiza kuti ndiko kumene kudali imfa. Tidamufukiza tsiku loyamba, tidamufukizanso lachiwiri. Mmawa wa tsiku lachitatu mwana adakana phala, maso ali mbee. Ndidapita kwa agogo kukapempha khungwa. Iwo adabwera ndi ndodo yawo, nagwira mwanayo pamphumi, natsegula chikope chake, kenaka adandiyang'ana.

"Mdzukulu wanga, sukulu yonse ija udapitira chiyani? Mwanayu magazi akutha. Matenda awa aupitirira mtengo wanga. Nyamukani tsopano lino."

Tidamutengera kuchipatala cha Mlambe ku Lunzu pa njinga yamoto, mayi ake atamubereka kumbuyo. Atamuyeza magazi adapeza kuti ndi malungo, nthenda yathu yakale ya nyengo ya dzinja imene tidaiiwala chifukwa cha mantha a nthenda yachilendo. Adamubaya jakisoni ndi kumugoneka masiku atatu, kenaka adatipatsa LA wokamalizira kunyumba. Namwino wina adatifunsa kuti tinkadikira chiyani masiku onsewo, ndipo palibe adayankha. Pambuyo pake ndidawerenga kuti LA nayenso gwero lake ndi chitsamba cha ku China, ndipo mayi amene adatulukira mphamvu yake, Tu Youyou, adalandira mphoto ya Nobel mu 2015. Nditawafotokozera agogo adangoseka, nati ndiye kuti kumenekonso kuli agogo.

Mwana adachira, koma mtengo sudapulumuke. Mbiri idamveka yakuti muwawani umateteza ku mliri, ndipo anthu adayamba kubwera usiku ndi zikwanje. Mmawa wina agogo adapeza thunthu lili yeretete, lasendedwa mozungulira kuchokera pansi mpaka pamene dzanja la munthu limalekeza. Adamata dothi thunthu lonse, akudziwa bwino kuti sizithandiza. Chilimwe chotsatira mtengowo udachita maluwa ake achikasu panthambi zochepa chabe, ndipo chaka chinacho sudaphukenso.

Agogo adatola nyemba zake zazitali zomaliza, nafesa njerezo m'timapepala ta shuga kuseri kwa khitchini. Zidamera zisanu. Mbuzi zidadya zitatu, ndipo ziwiri zotsalazo adandituma kuti ndizitchingire ndi minga.