Tisanaike Chindapusa, Timve za Litowa



Loweruka lapitali ku dimba la gulu lathu tinapezekako anthu asanu okha, chonsecho m'kaundula maina ali mbwee. Matimati afota, udzu wafika m'mawondo. Tikupuma pansi pa mtengo wa mango, ena mwa ife anati aliyense wojomba azilipira chindapusa. Tisanatero, tiyeni tilingalire za mudzi wa Litowa.

Mudziwu uli kum'mwera kwa Tanzania, m'dera la Songea, kum'mawa kwa nyanja ya Malawi. M'chaka cha 1960, achinyamata ochepa a chipani cha TANU, motsogozedwa ndi Ntimbanjayo Millinga, anapita kukaswa mphanje kumeneko kuti azilima munda umodzi. Njala ndi zilombo zinawabweza kwawo, koma mu 1961 ena anabwereranso.

Palibe amene anawakakamiza. Ankadzisankhira okha atsogoleri, ndipo madzulo ankadyera pamodzi, akukambirana ntchito ya mawa. Anayamba n'kudzidyetsa, kenaka anatsegula sukulu yawoyawo. Midzi ina itasirira, inagwirizana nawo m'bungwe la Ruvuma Development Association, lomwe linafika pa midzi 17, n'kugula chigayo ndi makina ochekera matabwa. Motero phindu la chimanga ndi mitengo linkatsala m'manja mwa alimi eni ake. Pulezidenti Julius Nyerere anawayendera, nawayamikira.

Komabe mu 1969 akuluakulu a chipani anathetsa bungweli, katundu wake nalandidwa. Kuyambira 1973 boma linasamutsira anthu mamiliyoni m'midzi yatsopano mokakamiza, koma mtima wa Litowa sunamerenso. Munthu ungamukokere kumunda, koma khasu amaligwira molimba pokhapokha akudziwa kumene zokolola zidzapite.

Apa m'pamene nkhaniyi ikutibaya ife otsogolera gulu. Matimati a chaka chatha tinagulitsa, ndalama tinasunga bwino, koma sitinakhale pansi n'kuwerengera anzathu poyera. Tsiku logwira ntchito timangolengeza, osafunsa amene amapita kumsika kapena kusamala odwala kunyumba. Kodi anzathuwa ndi aulesi, kapena dimbali analeka kuliona ngati lawo?

Choncho Loweruka likudzali chindapusa chiyambe chadikira. Aliyense abwere ndi khasu ndi kaufa pang'ono. Tidzaphika nsima konko, kabuku ka ndalama kadzatsegulidwa pamaso pa onse, ndipo za mbewu yoti tibzale tidzagamula limodzi.

Tikaonane ku dimba.