Timawu ting'onoting'ono tomwe tikudya malikisi a ana athu

Akonzi, ndiloleni ndilankhule ndi aphunzitsi anzanga a Chingerezi, makamaka ife a m'sukulu za sekondale zoyendera zakumudzi. Nkhani yake ndi ya timawu tija timati aperekezi: on, in, at, by, for. Kamodzi mwa timawuti kakatsogolera dzina, pamabadwa akapandamneni monga "on foot", "by bus", "in time" ndi "at night". Mwana akhoza kudziwa bwino maina ndi aneni, koma akafika pamenepa amaterereka ngati wotsika mapiri a Mafinga nthawi ya dzinja.

Gwero la vutoli si ulesi wa ana ayi. M'kalasi mwanga muli ana oyankhula Chilambya, ena Chitumbuka, ena Chinyiha, ndipo onsewa amaphunziranso Chichewa. Ziyankhulo zonsezi zimasonyeza malo ndi pa, ku ndi mu basi. Ndiye mphunzitsi wa kupulayimale, pofuna kuthandiza, amalemba pa bolodi kuti "on" ndi pa, "in" ndi mu, "to" ndi ku. Zimayenda bwinobwino pamene tikukamba za mbale ili patebulo kapena madzi ali mumtsuko. Koma tangochokani pamenepo muone.

Ife timati ndabwera pa njinga. Chingerezi chimati "by bicycle". Timati ndayenda pansi. Iwo amati "on foot", phazi limodzi ngati munthu amadumpha ndi mwendo umodzi. Mwana wotanthauzira kuchokera m'mutu mwake amalemba "with legs", ndipo ali ndi chifukwa chomveka, koma cholembera chofiira sichimva zifukwa. Timaloweza pamtima, iwo "by heart". Wathyola mpando mwangozi, "by mistake". Wauthyola mwadala, "on purpose". Nanga bwanji kumodzi "by", kwina "on"? Palibe lamulo. Amati "in the morning" koma "at night", kenaka "on Monday morning". Mphunzitsi amene angakuuzeni kuti ali ndi lamulo limodzi lomanga zonsezi akungokutayitsani nthawi.

Pali ena omwe amasintha tanthauzo lonse ndi kamawu kamodzi. "On time" ndi kufika pa nthawi yeniyeni yomwe inaikidwa, monga belu la mmawa. "In time" ndi kufika zinthu zisanakupitirireni, monga kupeza galimoto yopita ku Chitipa boma isananyamuke. Choopsa kwambiri ndi kamawu koti "the". Mukalemba kuti "Father is in hospital" mwanena kuti bambo agonekedwa, akudwala. Mukalemba "at the hospital" mwangonena komwe ali, mwina apita kukazonda wodwala. Taganizirani m'bale wanu ali ku Mzuzu kapena ku Johannesburg walandira uthenga woyambawo pa foni usiku. Adzagona tulo? N'chimodzimodzi "in prison" ndi "at the prison": wina ndi mkaidi, wina wangopita ndi chakudya.

Zimenezi si zongokometsera chiyankhulo. Kuti mwana alandire satifiketi ya MSCE ayenera kukhoza maphunziro asanu ndi limodzi, ndipo limodzi mwa iwo likhale Chingerezi. Akhoza kuchita bwino pa masamu, pa zaulimi ndi pa sayansi, koma Chingerezi chikamugwetsa, zaka zinayi zapita m'madzi. Aperekezi amabwera m'mafunso osankha yankho a MANEB, ndipo amabisalanso m'chimangirizo, momwe mzere uliwonse umafuna awiri kapena atatu. Chichokereni chaka cha 2014, pamene boma linalengeza kuti ana aziphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1, ambiri tinkayembekezera kuti ofika Fomu 1 azibwera makutu atazolowera. Kwathu kuno sindikuziona. Mwana wa mumzinda amamva "on time" kambirimbiri pa kanema ndi pa wailesi asanaione m'buku. Wa kuno amaimva pakamwa pa mphunzitsi yekha, ndipo akaweruka Chingerezi chimatsala pa geti.

Maganizo anga ndi akuti tileke kuphunzitsa "on" payekha ndi "foot" payekha. Tiziwapereka pamodzi ngati liwu limodzi losaduka. Chichewa chathu chomwechi chimatero. Tikati mayi uja ali ndi pakati, palibe amene amafunsa kuti pakati pa chiyani. Tikati pakhomo pano pali bwanji, sitikufunsa za chitseko. Mlendo wophunzira Chichewa atayesa kugawa mawu amenewa kuti pa apa, khomo apo, angasokonezeke mutu. Amangoyenera kuwameza athunthu, ndi kumva momwe eni ake amawagwiritsira ntchito. Chingerezi nacho chimafuna zomwezo.

M'kalasi mwanga timatenga awiri okha pa tsiku, ndipo nthawi zambiri ndimasankha otsutsana kuti wina azikumbutsa mnzake: "on duty" ndi "off duty", "in stock" ndi "out of stock", "in danger" ndi "out of danger". Aliyense amapanga chiganizo cha zomwe waona yekha. Chigayo chikafa, "out of order" amaidziwa tsiku lomwelo ndipo saiiwalanso, chifukwa anasenza chimanga ulendo wautali pachabe. Wochedwa salowa asananene m'Chingerezi kuti wabwera bwanji, kaya "on foot" kaya "by bicycle". Poyamba ankaseka, pano amakonzana okhaokha ine ndisanatsegule pakamwa. Nyuzipepala zakale za Chingerezi, ngakhale zija zokulungira zinthu m'magolosale, timazidula ndi kugawana, ana n'kumalemba mzere kunsi kwa aliyense yemwe amupeza: "in court", "on bail", "under arrest", "on strike". Nkhani za kukhoti zokha zimatipatsa okwanira sabata yonse.

Chomwe sindigwirizana nacho ndi chizolowezi chodikira mpaka Fomu 4, kenaka n'kuwathira ana mndandanda wa masamba atatu kuti aloweze mayeso atatsala milungu iwiri. Zolowezedwa motero zimauluka ndi mantha a m'chipinda cha mayeso. Awiri pa tsiku kuyambira Fomu 1 amadutsa mazana atatu pa chaka, ngakhale mutachotsapo masiku omwe mitsinje yadzadza ndipo theka la kalasi silinabwere.

Ndikadapemphanso anzathu a ku Malawi Institute of Education ku Domasi, omwe amakonza silabasi, komanso olemba mabuku, kuti akapandamneni amenewa azikhala ndi malo awoawo m'buku la kalasi iliyonse, ndi ziganizo zomwe mwana wa ku Chisenga, Wenya kapena Nthalire angazizindikire. Zitsanzo za "by train" ndi "by air" zikhalepo ndithu, koma zitsogozedwe ndi njinga ya kabaza ndi lole ya matola.